Akazi Amene Anawerenga Nyenyezi ku Harvard

Pamene muturuka pabwalo usiku wopanda mwezi ndi kupenya Mlalang'amba, dziwani kuti zambiri zolembedwa m'mabuku za nyenyezizo zinacokera m'cipinda cimodzi ca akazi, amene anapatulidwa kwa amuna pa nchito yao.

Ku America, pa sukulu yaikuru ya Harvard, panali nyumba yopenyeramo nyenyezi, ndipo mkuru wace kuyambira 1877 kufikira 1919 anali Edward Pickering. Nchito inagawidwa motere: usiku amuna anagwira makina openyera kutali, najambula thambo pa magalasi, usana akazi anakhala pa okha, nawerenga timadontho ta pa magalasiwo, nalemba malo ndi kuwala kwa nyenyezi iri yonse. Kunali monga amuna akolola, akazi napeta. Ambiri a iwo analandira masenti 25 pa ora, ocepa koposa a mwamuna, ndipo Pickering analemba akazi oposa 80.

Williamina Fleming wa ku Scotland anayamba monga wanchito wa m'nyumba ya Pickering. Anamlemba pa za nyenyezi mu 1881, ndipo pambuyo pace anakhala kapitao wa akaziwo. Mu 1900 analemba m'buku lace kudandaula kuti alandira madola 1,500 pa caka, pamene amuna ena pomwepo alandira 2,500. Mnzace Annie Jump Cannon anasankhula nyenyezi ngati 350,000 monga mwa mtundu wa kuunika kwao, ndipo masankhulidwe ace agwiritsidwa nchito kufikira lero. Koma Harvard inampatsa udindo weniweni mu 1938, atatumikira zaka 42.

Henrietta Leavitt anapatsidwa zithunzi za Kamtambo Kakang'ono ka Magellan, kamene ifenso tikaona kumwera ngati kautsi. Mmenemo muli nyenyezi zimene ziwala ndi kuzirala mobwereza. Mu 1912, atayesa 25 za izo, anaonetsa kuti yowala koposa itenga masiku ambiri kuti ibwereze. Tsono munthu akawerenga masikuwo adziwa mphamvu yeniyeni ya nyenyeziyo, ndipo poilinga ndi kuwala kofika kwa ife adziwa kutalika kwace, monga mlendo ayesa mtunda poona moto wa pamudzi. Leavitt anamwalira mu 1921. Ndipo patapita zaka zowerengeka Edwin Hubble anagwira muyeso womwewo, natsimikiza kuti Andromeda ndi khamu lina la nyenyezi, kunja kwa Mlalang'amba. Dzina la Hubble linamveka ponse; la mwini muyeso linadziwika kwa owerengeka.

Cecilia Payne anaphunzira ku Cambridge, ku England, kumene akazi sanapatsidwa digiri kufikira 1948; cifukwa cace anaoloka nyanja kunka ku Harvard. Mu 1925 anapeza kuti nyenyezi zadzala makamaka ndi mipweya iwiri yopepuka, haidrojeni ndi hiliyamu. Katswiri womveka Henry Norris Russell anati sikutheka, ndipo iye analemba mau okayika pa nchito yace yomwe. Koma mu 1929 Russell yemweyo anavomereza kuti nzoona. Payne anakhala profesa mu 1956.

Tiphunzirapo ciani? Akaziwa sanaikidwa m'cipinda cija cifukwa nzeru zao zinayesedwa ndi kuperewera, iai. Anaikidwamo cifukwa anali akazi, ndipo nchito yao inali yotsika mtengo. Koma wopeta ndiye adziwa bwino kusiyanitsa mbeu ndi mankhusu, ndipo m'nchito yopeputsidwayo munaturuka muyeso wa thambo. Ngati anacita zotere ali omangika, akadacita zotani citseko cikadatseguka? Funso ili liyenera kukhala mumtima mwa kholo liri lonse limene liri ndi mwana wamkazi wokonda masamu.