Kamela ndi mfuti m'cigwa ca Luangwa

Tikaona magalimoto opanda denga akuoloka mlatho wa Luangwa ku Mfuwe m'mamawa, odzala ndi alendo okoleka makamela m'khosi, ambili a ife timati ni zinthu za azungu cabe. Koma ciyambi ca nchito imeneyi cinadutsa m'manja mwa mfumu yathu.

Kale mlendo wobwela m'cigwa muno anali kubwela ndi mfuti. Kwa iye njobvu inali minyanga, nkhalamu inali cikumba. Mu 1950, Norman Carr, amene anali woyang'anila nyama m'boma la atsamunda, anakambilana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda. Mfumu inavomela kupatula mbali ya dziko lake kuti nyama zisamaphedwe. Pamenepo panamangidwa msasa wa Nsefu, woyamba mu Northern Rhodesia kulandila anthu obwela kudzaona nyama cabe. Pangano linali lakuti ndalama za alendo zizibwelela kwa anthu a mfumu. Patapita zaka, Carr anayambitsa maulendo oyenda pansi m'thengo, amene achukitsa cigwa cino, ndipo mu 1972 South Luangwa inakhala paki ya dziko.

Nzelu yake inali yosavuta kumva: njobvu ya mfuti imagulitsidwa kamodzi, ya kamela imagulitsidwa tsiku lililonse.

Koma mfuti sinagone. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, opha nyama mozemba anapha njobvu zambilimbili, ndipo zipembele anazimalizilatu. Mu 1998 kunalengezedwa kuti mu Zambia mulibenso cipembele cakuda. Zimene zinabwela kucokela ku South Africa mu 2003 zinaikidwa ku North Luangwa. Kuno kwathu cipembele catsala pa zithunzi zakale cabe.

Lelo alendo amalipila ndalama zambili kuti ajambule kaingo pamtengo kapena nyamalikiti wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse padziko. Koma mlimi wa ku Lupande amene njobvu zamuthela cimanga usiku umodzi sangadye cithunzi. Mwana wake amadziwa njobvu monga mdani wa m'munda.

Pangano la 1950 linali ndi mbali ziwili: nyama zikhale, anthu nawonso adyepo. Mbali yoyamba timakumbutsidwa tsiku ndi tsiku. Yaciwili tizifunsa tokha, pa misonkhano ya Community Resources Board ndi pamaso pa mafumu athu, cifukwa tikangokhala cete, mfuti idzapezanso anyamata athu.