Kudontha kwa Madzi M'chimbudzi Chogejemula: Kuzindikira ndi Kukonza Kwake

Ife a m'mbali mwa nyanja tinakula tikuona madzi ngati chinthu chosatha. Koma abale athu a kwa Kaluluma ku Kasungu, dera la alimi a fodya, amaudziwa mtengo wake. Mvula ikatha mu Epulo, zitsime zimayamba kuphwa, ndipo pofika Okutobala mzere wa zigubu pa mjigo umatalika. Choncho nyumba, mzikiti kapena madrasa imene ili ndi mpopi ili ndi amana yoyenera kuisamala. Malo amene madzi amatayika kwambiri mwakachetechete ndi m'chimbudzi chogejemula.

Kukula kwa vuto

Thanki ya chimbudzi imasunga malita 6 mpaka 9. Ikamachucha kapu imodzi ya mamililita 250 pa mphindi, ndiye kuti malita 15 atayika pa ola, malita 360 pa tsiku. Zimenezi ndi zigubu 18 za malita 20, ndipo mita imawerenga zonse. Tikumbukire kuti Mtumiki (SAW) ankapanga wudhu ndi muddu umodzi, madzi osafika lita. Qur'an nayo ikuletsa israaf, komwe kuli kuononga.

Mmene tingadziwire

Choyamba, usiku titseke mipopi yonse ndi kulemba manambala a pa mita. Pa nthawi ya Fajr, wina asanatunge madzi, tiwerengenso. Ngati asintha, penapake pakudontha.

Chachiwiri, titsegule chivundikiro cha thanki ndi kuthiramo tiyi wakuda wozizira kapena utoto wa zakudya. Tidikire mphindi 30 osagejemula. Mtunduwo ukaoneka m'mbale ya pansi, thanki ikuchucha.

Chachitatu, tipukute khoma la kumbuyo m'kati mwa mbaleyo ndi kumatapo pepala louma. Likanyowa, madzi akutsika.

Tionenso kapaipi kotayira madzi osefukira kunja kwa nyumba. Khoma lobiriwira pansi pake ndi umboni wokwanira.

Zoyambitsa ndi kukonza kwake

Tisanagwire chilichonse, titseke valavu yolowetsa madzi ndi kugejemula kuti thanki ikhale yopanda kanthu.

Ngati madzi akusefukira, vuto ndi mpira woyandama umene umatseka madzi thanki ikadzaza. Titsitse mkono wake pang'ono kuti madzi aziima m'munsi mwa kapaipi kotayira. Mpirawo ukaboola n'kulowa madzi, tigule wina.

Ngati madzi sakusiya kulowa, labala ya m'valavu yatha kapena mwalowa mchenga. Tiitsuke, ikakhala yong'ambika tiisinthe.

M'mathanki odina batani, labala ya pansi pa thanki imauma kapena kugwira dothi. Tiichotse ndi kupita nayo ku sitolo ya zipangizo kuti tipeze yofanana nayo.

Ngati pansi pakunyowa, tione polumikizira mapaipi. Timange pang'onopang'ono, chifukwa kulimbitsa kwambiri kumaswa thanki. Koma madzi otuluka kumunsi kwa mbale ndi najisi, ndipo angadetse zovala zoswalira ndi kubweretsa matenda otsegula m'mimba. Pamenepo tiitane pulambala msanga.

Tikamaliza, tisambe m'manja ndi sopo ndi kubwereza muyeso wa tiyi uja. Makomiti a mizikiti asankhe munthu woyendera zimbudzi ndi malo a wudhu kamodzi pa mwezi, makamaka Lachisanu Jumu'ah ikatha. Allah atipatse madzi a madalitso ndi nzeru zowasamalira. Ameen.