Sukulu ya makolo anu inkachokera m'tchire

Adzukulu anga, mukamaona sukulu za malata kuno ku Etatara musamayese kuti zinayamba choncho. Sukulu ya makolo anu inkachokera m'tchire, ndipo pakapita zaka zingapo inkabwerera kudothi, anthu n'kumanganso ina. Masiku amenewo tauni imene inu mumati Cuamba Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, Lichinga inali Vila Cabral, ndipo boma la atsamunda silinkadzivuta ndi kuphunzitsa mwana wa munthu wakuda. Mu 1940 linapangana ndi Vatican, ndipo lamulo la 1941 linaika maphunziro athu m'manja mwa amishoni a Katolika. Kuno ku Niassa anali ansembe a Consolata, amene anatsegula mishoni ya Massangulo, kudera la Ngauma, mu 1928. Kumeneko kunali nyumba za njerwa ndi maphunziro a ntchito zamanja, moti amene wakafikako ankabwera ndi nkhani yosimba mwezi wathunthu. Koma ife a kumudzi sukulu yathu inali katchalitchi ka mitengo. Lamlungu tinkapemphereramo, pakati pa sabata tinkaphunziramo katekisimu, kuwerenga ndi Chipwitikizi, pamene kunyumba tinkayankhula Chilomwe.

Ntchito yomanga inkayamba anthu akakolola. Mwene, ndiye kuti mfumu yathu, ankaitanitsa msonkhano, banja lililonse n'kuuzidwa gawo lake. Amuna ankalowa m'tchire kukadula nsichi ndi mizati, ndipo sankangodula mtengo uliwonse. Mzati unkafuna muwanga, poti chiswe chimaulephera. Mapaso ankakhala a nsungwi. Luzi ankasenda ku mombo, n'kuluviika m'madzi kuti lufewe. Amayi ankamweta udzu wofolera, kutuma atsikana kukatunga madzi, kuponda dothi la pachulu, kumata zipupa ndi kuzira pansi. Msomali sunkaoneka ndi umodzi womwe. Mipando inali mitengo yogoneka pamphanda, ndipo mwana woyamba kumene ankalemba ndi chala pamchenga panja.

Tsono mvetsani malamulo ake, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Msuku sunkadulidwa, ngakhale utaongoka bwanji, pakuti unkadyetsa ana nthawi imene nkhokwe zapepuka. Kumanda nkhwangwa sinkalira. M'mbali mwa mtsinje akulu ankaletsa, ati madzi angathawe. Podula nsichi munthu ankasiya chitsa chofika m'bondo, chifukwa mitengo ya tchire lathu lino imaphukira pachitsa; ukabwera patapita zaka ungapezepo mphukira zoti n'kudulanso. Dambo la udzu wofolera linali ndi mwambo wake: palibe ankaloledwa kuyatsa moto amayi asanamwete. Anyamata osaka mbewa akapsereza udzuwo mlandu unkafika kwa mwene, makolo awo n'kulipa nkhuku, iwonso n'kukamweta udzu kutali. Kuzungulira sukulu tinkalambula ndi makasu mwezi wa Ogasiti usanafike, kuti moto wolusa ukabwera ufere panjira. Palibe ankazitcha zimenezi kusamala chilengedwe. Aliyense ankangodziwa kuti denga lidzafunanso udzu chaka chamawa, ndipo wokamweta adzakhala iye yemweyo.

Ndisakunamizeni kuti inali nthawi yokoma. Sukulu inali ndi munda, machamba monga timanenera kuno, ndipo masiku ena ana tinkagwira khasu kuposa buku. Zokolola zinkanyamulidwa, ife osalawako. Makolo athu nawo anali pa goli la thonje lokakamiza, limene lamulo lake linathetsedwa mu 1961; wolephera kukwanitsa munda wake ankakumana ndi palmatória, thabwa lobowola lija lomenyera m'manja. Ndiye mukamamva nkhalamba zikutama zakale, muzisankha. Ine chimene ndimatama si ulamuliro uja ayi, koma nzeru za anthu a m'mudzi posunga tchire limene linkawapatsa nyumba.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julayi chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula yoyamba. Zipinda zinachepa, makalasi ena n'kumakhala pansi pa mango, akuluakulu nawo n'kumabwera madzulo kudzaphunzira kulemba maina awo. Munda wa sukulu unapitirira, koma tsopano ankati ndi wa ana eni ake. Kunabweranso lamulo lokumba zimbudzi ndi maenje a zinyalala, ndipo apo boma linachita bwino. Choko chikasowa aphunzitsi ankalembera chinangwa chouma. Bolodi likayera, tinkasinja makala, kusakaniza ndi madzi, n'kulipaka mpaka lide, kenaka kuliyanika padzuwa. Vuto linadza pamene anthu anasonkhanitsidwa m'midzi ikuluikulu ya aldeia. Mabanja ambiri pamalo amodzi, onse akufuna nsichi, nkhuni ndi udzu nthawi imodzi, mafumu nawo atalandidwa mphamvu. Woletsa anasowa, tchire la pafupi n'kuyamba kuyera.

Za nkhondo ya pachiweniweni imene inatsatira sindichulutsa. Sukulu zinapsa, aphunzitsi ena anaphedwa, ena anathawira m'tauni. Ife tinalowera ku Malawi, ena kudzera ku Entre Lagos ndi Nayuchi, kumene njanji imaolokera, ena kudzera ku Mandimba ndi Chiponde. Anthu a ku Mozambique amene anathawira ku Malawi anaposa 1 miliyoni. Eni dziko anatilandira, ana athu anaphunzira, ndipo Chichewa ndikukuyankhulanichi chinakhwimira komweko. Koma ndinaonanso ndi maso anga phiri likumetedwa. Mayi amene chaka choyamba ankatola nkhuni kuseri kwa msasa wa othawa nkhondo, patapita zaka ankalawira m'bandakucha n'kubwera dzuwa lili pamutu, atasenza timitengo tauwisi. Komweko tinaphunzira zinthu ziwiri: kufesa mitengo m'timachubu ku nazale, ndi kuumba njerwa zowotcha. Pobwerera kwathu tinanyamula chachiwiricho, choyambacho ambiri tinachisiya kumalire.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Titabwerera tinapeza tchire labwerera mwakale. Pamene panali bwalo la sukulu panali mitengo yotalika kuposa munthu, ndipo malowo tinawazindikira ndi mango okha amene anabzala makolo athu. Nthaka inali itapuma. Tinapatsidwa mwayi wachiwiri, adzukulu, koma sitinachedwe kuumwaza.

Uthenga unkabwera unali wakuti mudzi uumbe njerwa, malata ndi simenti zichokera kwina. Tinaumba mokondwa, ndipo sindikudandaula, pakuti chipinda cha njerwa sichidontha ndipo mabuku sanyowa. Koma uvuni sufuna tinkhuni ta kukhitchini. Umafuna zipika zikuluzikulu, zoyaka usana ndi usiku masiku angapo, ndipo zipikazo zinali mitengo ija makolo ankaisiya. Dzenje lofukulamo dothi linkangosiyidwa kuseri kwa kalasi, dzinja n'kukhala chithaphwi cha udzudzu. Kenaka kunabwera fodya, amene zigafa zake zimadya mitengo chaka ndi chaka kuyambira kuno mpaka ku Mandimba ndi Ngauma, ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu wopita ku Cuamba. Malamulo a chitsa ndi a msuku anangotsala m'kamwa mwa nkhalamba.

Lero sukulu ili ndi oiyendetsa ambiri. Ku Cuamba kuli ofesi ya maphunziro ya boma, imene mumaitcha SDEJT. Sukulu zoyandikana zimakumana m'gulu lotchedwa ZIP. Kuyambira mu 2003 kumabwera ndalama za ADE zogulira choko, makope ndi zokonzera zing'onozing'ono, ndipo pali Conselho de Escola, mmene mumakhala makolo, aphunzitsi, ana ndi atsogoleri a mudzi. Zonsezi n'zabwino papepala. Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu akuti "sukulu ndi ya boma" analowa m'mitu ya anthu. Chitseko chikaguluka tidikira ofesi. Mjigo ukafa tidikira ofesi. Chimbudzi chikadzaza ana alowera kutchire, ife tili chete.

M'nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza kunabwera mfundo yakuti mwana wa sukulu aliyense abzale mtengo, mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Mfundoyo inali yanzeru, koma taonani mmene zinkathera. Kuno mvula yobzalira imagwa mu Disembala ndi Januwale, nthawi imene sukulu zili pa tchuthi chachikulu. Ana akamatsegulira, mbande n'kufika mochedwa, mitengo inkalowa m'nthaka mvula ili pafupi kutha. Tsiku lobzala kunkakhala nyimbo ndi zoyankhula za alendo. Pofika Seputembala mbuzi zadya, moto wadutsa, mjigo uli ndi mzere wa amayi moti palibe angalole mwana kuthira ndowa yathunthu pa kamtengo. Mitengo imene inapulumuka ndi ya kumene mphunzitsi anauza mwana kuti uwu ndi wako, autchingire ndi minga, azibwera ndi kabotolo ka madzi kuchokera kwawo. Ndinaonanso kuti mango ndi malalanje ankasamalidwa kuposa bulugamu ndi kesha, poti mwana amadziwa chimene adzadyepo.

Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ambiri anaphunzira kuti malata si mapeto a nkhani. Kalasi yoima yokha pambalambanda mphepo imaimenya mwachindunji, ndipo denga limene mitengo yake sinamangiriridwe ndi waya kukhoma limanyamuka lonse. Denga la udzu likasasuka mudzi unkalifoleranso sabata yomweyo. La malata limadikira galimoto yochokera kutauni, ana ali padzuwa, mtengo wa mthunzi womwe palibe.

Sindikuti mubwerere ku nsichi ndi luzi. Ine ndemwe msana sungandilole kukhala pamphanda. Koma inu amene mwasankhidwa mu Conselho, inu aphunzitsi ndi inu a mwene, khalani pansi chaka chino sukulu zisanatseke. Patulani malo a nkhalango ya sukulu, muike malire ake poyera ndi chilango cha woyatsa moto. Mbande zifesedwe nthawi ya chilimwe pafupi ndi mjigo, zibzalidwe ndi mvula yoyamba ngakhale ana ali pa tchuthi, mzere wina ukhale kumbali imene mphepo imachokera. Mukaumba njerwa kwirirani dzenje. Ndipo uvuni wina usayatsidwe musanagwirizane kuti mitengo yolowa m'malo mwa zipikazo abzala ndani, ndipo aithirira ndani.