Ufa wa diatomaceous earth: zofunika kudziwa musanauwaze pa nkhuku, agalu ndi amphaka

Utitiri utalowa m'khola la nkhuku zanga chaka chatha, misoti yokhalira mazira inayamba kuthawa m'zisa. Mnzanga wina ananditumizira kavidiyo ka pa TikTok kotamanda ufa woyera wotchedwa diatomaceous earth, ena amangoti DE. Ndinaugula, n'kuwaza khola lonse ngati ndikupaka laimu. Tsiku limenelo ndinatsokomola mpaka usiku, anapiye nawonso ankangoyetsemula. Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kufufuza, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Kodi ufawu ndi chiyani?

Ndi zotsalira za tizomera ta m'madzi tating'ono kwambiri totchedwa diatoms. Tikafa, tizigoba take ta silika timaunjikana pansi pa nyanja kwa zaka zambirimbiri, kenako anthu amakumba n'kupera. Si chinthu chatsopano ayi. Alfred Nobel anaugwiritsa ntchito popanga dynamite, yemwe anamulembetsa mu 1867.

Ufawu si poizoni. Umakanda khungu la kachilombo n'kuyamwa mafuta amene amateteza madzi a m'thupi mwake, ndiye kachilomboko kamauma n'kufa. Zimatenga maola ambiri kapena masiku, osati pompopompo. Ndipo ukanyowa sugwira ntchito, choncho kuwaza m'khola lodontha nthawi ya dzinja n'kutaya ndalama basi.

Pali mitundu iwiri, musaisokoneze

Pa paketi yang'anani mawu akuti food grade. Umenewu ndiye woyenera pafupi ndi ziweto. Wina ndi wa pool grade kapena filter grade, wosefera madzi a m'maswimingipulu. Uwu amauwotcha pa moto waukulu, silika wake n'kusanduka wa mtundu woopsa ku mapapo, mtundu womwewo umene umayambitsa silicosis, matenda amene anavutitsa agogo athu ambiri amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni. Wa mtundu uwu usayandikire khola ngakhale pang'ono. Ngati wogulitsa wangoumanga m'kajumbo kopanda chizindikiro chilichonse, ndalama yanu bwererani nayo.

Choopsa chenicheni ndi fumbi

Nkhuku ikajompha pang'ono wa food grade, kapena galu akanyambita, nthawi zambiri sipakhala vuto. Nkhani ili pa kupuma. Fumbi lake ndi losalala kwambiri ndipo limayabwa m'mphuno, kukhosi ndi m'maso, kwa munthu ndi chiweto chomwe. Mbalame zili ndi timatumba ta mpweya tolumikizana ndi mapapo, choncho fumbi limazivuta msanga, makamaka anapiye. Ine cholakwa changa chinali chomwecho: ufa wambiri, khola lotseka, nkhuku zili momwemo.

Mmene ndimachitira panopa

Ndimatulutsa kaye nkhuku zonse, n'kusesa zitosi ndi udzu wakale wa m'zisa n'kuwotcha. Ndimavala masiki, ndipo ana ndi aliyense wodwala mphumu amakhala kutali. Ufa ndimathira pang'ono chabe m'ming'alu ya khoma, pamitengo yogonapo ndi pansi pa zisa, chifukwa tizilombo tina toyamwa magazi timabisala mmenemo masana n'kutuluka usiku. Fumbi likadikha ndi pamene nkhuku zimabwerera. Pakatha sabata ndimabwereza, popeza ufawu supha mazira a tizilomboto.

Posambira fumbi nkhuku ndimaika panja, pouma: mchenga kapena dothi lambiri, phulusa la nkhuni lozizira, ndi kaufa kochepa. Kunena zoona, amayi anga akhala akugwiritsa ntchito phulusa lokha kuyambira kale, ndipo limathandizadi.

Nanga galu ndi mphaka?

Musamuthire thupi lonse ngati mukumudzoza pawuda. Ufawu umaumitsa khungu ndipo ukalowa m'maso amavutika. Mphaka amadzinyambita tsiku lonse, ndiye ndi bwino kusamuthira n'komwe. Ndi iko komwe, mazira ndi timphutsi ta nthata sizikhala pa chiweto, zimakhala pamene chimagona. Chapani chiguduli chake, sesani, thirani ufa pang'ono m'makona, kenako mudzasesenso pakapita masiku angapo. Pamaluwa ndi pamasamba ochita maluwa musawaze, chifukwa ufawu susankha, umapha ndi njuchi zomwe.

Zimene sungachite

Apa ndiye pamene mavidiyo ambiri amanamiza anthu. Musadalire ufawu ngati mankhwala a njoka za m'mimba, kaya kwa nkhuku, galu kapena inuyo. Komanso suteteza chitopa. Chitopa chimabwera ndi vayirasi ndipo chimapewedwa ndi katemera, monga wa I-2 wodontheza m'diso uja. Galu amene nkhupakupa zamudzadza, kapena nkhuku zimene lipombo layera chifukwa chotha magazi, zikufunika mlangizi wa ziweto, osati ufa.

Kwa ine utitiri unachepa nditaphatikiza kusesa, phulusa ndi ufa wochepa. Anapiye anachira patapita masiku angapo nditawasamutsira m'chitete panja. Paketi yomwe ndinkafuna kuimaliza tsiku limodzi ija idakalipo mpaka lero, yomanga bwino, pamwamba pamene ana safikira.