Gardner, Injini Yosadziwa Phuma

Kampani ya L. Gardner and Sons, imene Lawrence Gardner anaiyamba ku Manchester mu 1868, inali itadziwika kale ndi injini za m'maboti pamene Trevor Barton, wa banja la eni mabasi a kufupi ndi Nottingham, anatenga imodzi mwa injinizo, yotchedwa 4L2, naiika m'basi yake. Ndipo anthu ataona kuchepa kwa mafuta amene basiyo inkamwa, eni malole anayamba kugogoda pakhomo la fakitale ya kampaniyo ku Patricroft. Motero mu 1931 munabadwa injini ya pamsewu yotchedwa LW, ndipo mu 1958 Hugh Gardner anatulutsa 6LX, imene amakaniko okalamba a ku Britain amaitchula mwaulemu kufikira lero lino.

Inali injini yaikulu thupi, ya masilinda 6 ndi malita 10.45, koma yofatsa mtima, pakuti mphamvu yake yonse, mahosipawa 150, inkaipereka ikuzungulira ka 1,700 kokha pa mphindi. Chinsinsi chake chagona pomwepo. Chitsulo choyenda mosapupuluma sichidyeka msanga, ndipo popeza a Gardner ankadzipangira okha pafupifupi chiwalo chilichonse, kupima ndi kusalaza mwa luso, injiniyo inkatha zaka zambirimbiri asanaitsegule m'mimba. Mng'ono wake, 6LXB wa 1966, ankasandutsa ntchito magawo 40 pa 100 alionse a mphamvu ya dizilo, chinthu chimene ochepa anachifikira m'masiku amenewo. Kuthamanga si kufika, anatero akale, ndipo eni malole a ERF, Foden ndi Atkinson anavomereza mawuwo ndi matumba awo, nalola kudikira miyezi yambiri pamzere kuti apeze galimoto ya injini imeneyi.

Amene ankaikonda anali bwana wowerenga ndalama za mafuta. Dalaivala anali ndi madandaulo ake. M'mawa wa chisanu inkafuka utsi woyera wodzaza bwalo lonse, pachitunda inkakwawa ndi katundu, ndipo poti sinkataya kutentha kwambiri, munthu ankanjenjemera m'kati mwa lole ulendo wonse.

Koma kufatsa kumene kunaikweza ndiko kunadzaigwetsa. Misewu ikuluikulu itatsegulidwa, malole a Volvo ndi Scania anadza ndi liwiro pamodzi ndi malo abwino a dalaivala, Cummins wa ku America anapereka injini popanda kudikiritsa munthu, pamene Hugh Gardner anaumirira kukana turbo, imene anzake onse anali atailandira. Antchito ananyanyala ntchito mu 1973, kampani inagulidwa ndi Hawker Siddeley mu 1977 kenako ndi Perkins mu 1986, ndipo malamulo a ku Ulaya ochepetsa utsi atakhwima m'zaka za m'ma 1990, kupanga injinizi kunatha. Ine ndiyesa kuti Hugh Gardner sanalakwe pa za chitsulo. Chimene sanachione ndi chakuti ogula anali atasintha mtima.

Malole ambiri anaola ndi dzimbiri injini zake zikali zamoyo. Zochuluka anazichotsa m'mabasi ndi m'malole otha ntchito nazitumiza ku Hong Kong kukayendetsa maboti a asodzi, zina eni masewera oyendayenda a m'mabwalo a chionetsero anazilumikiza ku majenereta, ndipo ku England kukali timakampani timene ntchito yake yonse ndi kumasula Gardner wakale, kumuika zitsulo zatsopano ndi kumugulitsanso pa mtengo wosati wamasewera.