Khutu Lopweteka Mwana Akachoka Kosambira: Mbiri ya Matenda Awiri Ofanana

Blantyre alibe nyanja, koma ana osambira ndi ambiri. Mvula ikakhazikika, ana a ku Ndirande amapezeka mu Nasolo, a ku Zingwangwa mu Naperi, a ku Chilomoni mu Likhubula, ndipo ku Bangwe ndi ku Machinjiri maenje okumbamo dothi la njerwa amasanduka maiwe. Pakapita masiku angapo, ena mwa anawa amafika kuchipatala atagwira khutu, ndipo kholo limafotokoza kuti m'khutumo munalowa madzi. Mawu amenewa amabisa matenda awiri osiyana, ndipo zinatenga zaka zambiri kuti luso lowasiyanitsa lifike kwa azaumoyo amene ali pafupi ndi anthu.

Matenda oyamba amagwira ngalande ya kunja kwa khutu. Ngalandeyi imatetezedwa ndi phula la m'khutu, lomwe limathamangitsa madzi ndiponso lili ndi asidi pang'ono wolepheretsa tizilombo kuswana. Madzi akakhalitsamo, phula limasungunuka, khungu limafewa, ndipo mabakiteriya amapeza polowera. Kale madokotala ankaganiza kuti vutoli limayamba makamaka ndi mafangasi. Maganizowa anasintha pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene asilikali ambiri amene anali kuzilumba zotentha ndi zachinyezi za ku Pacific anadwala makutu. Kafukufuku wa nthawi imeneyo ndi wa zaka zotsatira anasonyeza kuti nthawi zambiri wolakwa ndi bakiteriya wokonda madzi wotchedwa Pseudomonas aeruginosa. Mu 1974, Edward Thalmann, dokotala wa asilikali a pamadzi a ku America, anasonyeza kuti madontho okhala ndi asidi wa mu viniga wochepa mphamvu amateteza anthu ogwira ntchito masiku ambiri pansi pa nyanja. Phunziro lake linali lakuti khutu louma komanso losachotsedwa asidi wake silidwala wamba.

Olowa pansi pa madzi amakumana ndi vuto linanso. Pa kuya kwa mamita 10, mphamvu yopanikiza thupi imakhala yowirikiza kawiri poyerekeza ndi ya pamtunda, ndipo imakankha nembanemba imene imatseka ngalande ya khutu mkati. Munthu akalephera kulowetsa mpweya kuseri kwake, monga pamene ali ndi chimfine, nembanembayo ikhoza kung'ambika. Ku Malawi ngozi imeneyi ndi ya asodzi a pa nyanja ya Malombe amene amapita pansi kukamanga ukonde wa nkacha, komanso ya mnyamata wa mu Blantyre wodumphira padziwe lakuya kuchokera pamwala.

Matenda achiwiri ndiwo aakulu kuno, ndipo gwero lake si mtsinje ayi. Amayamba ndi chimfine kapena chikuku, tizilombo n'kukwera kuchokera kukhosi kupita kuseri kwa nembanemba. Mafinya akachuluka amaiboola, ndipo bowolo likapanda kupola khutu limatuluka mafinya kwa miyezi kapena zaka. Mwana wotere akasambira, madzi a mumtsinje amadutsa pabowopo n'kukafika mkati mwenimweni, mafinya n'kuyambiranso. Madziwo amangodzutsa matenda amene analipo kale. Mu 2004 bungwe la WHO linayerekeza kuti anthu apakati pa 65 miliyoni ndi 330 miliyoni padziko lonse anali ndi makutu otuluka mafinya, ndipo oposa theka la iwo sankamva bwino. Bungweli limati vutoli likapitirira anthu 4 mwa 100 alionse, likufunika kuchitapo kanthu mwamsanga. Kafukufuku wa ana aang'ono wa ku Chikwawa, wofalitsidwa mu 2017, anapeza pafupifupi ana 5 mwa 100.

Chipatala cha Queen Elizabeth chinatsegulidwa mu 1958 ndipo College of Medicine inayamba mu 1991, koma kwa zaka zonsezi dziko linalibe Mmalawi katswiri wa makutu, mphuno ndi khosi. Malungo, chifuwa chachikulu ndi Edzi zinkatenga anthu ndi ndalama, ndipo khutu lotuluka mafinya linkaoneka ngati gawo la ubwana. Kusintha kunayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene dziko linatenga ndondomeko ya IMCI. Ndondomekoyi inaika khutu pa mndandanda wa zofunsa kwa mwana aliyense wodwala wosakwana zaka zisanu. Kenako kunabwera katemera: wa Hib mu 2002 ndi wa chibayo mu Novembala 2011. Onse awiri amalimbana ndi mabakiteriya amene amayambitsanso ena mwa matenda a mkati mwa khutu.

Mu 2007 Dr Wakisa Mulwafu anabwerera kuchokera ku maphunziro ku Cape Town ndi kukhala Mmalawi woyamba katswiri wa makutu, mphuno ndi khosi. Munthu mmodzi sakanatha kuona dziko lonse, choncho ntchito yaikulu inakhala yophunzitsa ma clinical officer kuti akathandize m'maboma. Mu 2016 pa Queens panatsegulidwa kiliniki yoyeza kamvedwe mothandizidwa ndi bungwe la Sound Seekers. Mu 2017 gulu la Mulwafu linafalitsa zotsatira za ku Thyolo, zosonyeza kuti alangizi a zaumoyo ophunzitsidwa kwa masiku ochepa amatha kupeza anthu a vuto la makutu m'midzi ndi kuwatumiza kuchipatala.

Mbiriyi yafikitsa udindo kwa HSA ndi wodzipereka wa m'dera. Mwana akafika atachoka kosambira, mafunso ndi ochepa. Ngati ululu ukukula pokoka khutu pang'ono kapena posindikiza kanyama ka kutsogolo kwa ngalande, ndipo m'khutu mukuyabwa, nthawi zambiri vuto lili kunja. Ngati mafinya akhala akutuluka masiku 14 kapena kuposa, kawirikawiri popanda ululu, ndipo mwana amayankha mochedwa akaitanidwa, nembanemba iyenera kuti inabooka. Khutu lotere liyenera kuumitsidwa katatu pa tsiku ndi kansalu koyera kopota, kuthiridwa madontho operekedwa kuchipatala monga a ciprofloxacin, ndipo mwanayo asasambire mpaka ataonedwanso. Kutupa kopweteka kuseri kwa khutu, kuuma khosi, chizungulire kapena kupindika kwa nkhope ndi zizindikiro zotumizira mwana kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mankhwala othandiza khutu limodzi akhoza kuwononga lina. Madontho a asidi amene anateteza asilikali aja si oyenera kuyesera kunyumba pa khutu lobooka, ndipo madontho a gentamicin akhoza kupha kamvedwe akadutsa pabowo. Nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi, mafuta ophikira ndi madzi a zitsamba zimachotsa phula, kukanda khungu ndi kulowetsa tizilombo tatsopano. WHO imati pafupifupi 60 peresenti ya kusamva kwa ana n'kopeweka. M'kalasi yodzaza ya ku Ndirande kapena ku Bangwe, mwana wosamva bwino amatchedwa wamwano kapena wogona asanatchedwe wodwala, ndipo kawirikawiri woyamba kufunsa za khutu lake amakhala wazaumoyo wa m'dera lakelo.