Kuphunzitsa Ana Pakhomo: Kodi Makolo Atsate Silabasi ya Boma?

Kuphunzitsa pakhomo ndi pamene makolo sapititsa mwana kusukulu, koma amuphunzitsa okha kapena alemba mphunzitsi wobwera kunyumba. Makolo ambiri analawako zimenezi mu 2020, masukulu atatsekedwa mu Malichi cifukwa ca COVID-19. Mwana amene acoka m'mawa kukaweta ng'ombe kapena kukagwira nchito kumunda sali pa maphunziro a pakhomo; ameneyo wangolekeshedwa sukulu.

Zimene lamulo linena

Lamulo la zamaphunziro la 2011 lilamula kholo kulembetsa mwana amene wafika msinkhu woyamba sukulu ndi kuonetsetsa kuti apitadi. Kuyambira mu Januwale 2022, maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere kufikira kusekondale. Conco kholo limene liganiza zosunga mwana pakhomo liyambe lakambirana ndi ofesi ya DEBS pa Boma la Chadiza.

Nkhani ya mayeso

Silabasi imakonzedwa ndi Unduna wa Zamaphunziro, ndipo mayeso amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia. Mafunso amacokera m'silabasiyo, ndipo mwana amalembera pamalo olembetsedwa ndi bungweli. Mwana angadziwe kuwerenga bwino, koma popanda satifiketi sangalowe kukoleji ya uphunzitsi kapena ya unamwino. Mayeso a GCE amathandiza amene sali pasukulu, koma naonso amatsata silabasi imodzimodziyo.

Makolo adziwenso kuti silabasi inasintha. Yatsopano inayamba mu 2025, ndipo pulaimale idzathera pa Giredi 6, sekondale kuyambira Fomu 1. Mabuku amene anaphunzirira akulu ake sangamukwanire mwana wa lero.

Phunziro la masukulu a m'midzi

M'zaka za m'ma 1990, makolo m'midzi ndi m'makomboni anatsegula masukulu awo kumene a boma anali kutali kapena okwera mtengo. Ena anatsata silabasi yacidule yochedwa SPARK, imene inafupikitsa pulaimale kukhala zaka 4. Inathandiza ana amene anayamba sukulu atakula kale. Koma makolo anafuna kuti ana awo alembe Giredi 7 ndi kupita kusekondale, ndipo ambiri mwa masukuluwa anatembenukira ku silabasi ya boma.

M'maiko ena

Ku South Africa, lamulo la masukulu la 1996 lilola kuphunzitsa pakhomo, malinga mwanayo alembetsedwe ku ofesi ya zamaphunziro ya cigawo ndipo maphunziro ake asacepere pa a m'masukulu a boma. Ku Germany n'koletsedwa.

Mbali ziwiri

Okana silabasi ya boma amati kholo ndilo lidziwa mwana wake, ndipo lili ndi ufulu womulera m'cikhulupiriro ndi mwambo wa banja. Ovomera amati mwanayo adzakhala ndi moyo wakewake, ndipo sayenera kudzapeza zitseko zotseka ali ndi zaka 18 cifukwa ca cimene anamusankhira ali ndi zaka 7.

Ziwirizi zingayendere pamodzi. Silabasi ionetsa zimene mwana sayenera kuperewera. Mapemphero, mwambo, ulimi ndi luso la manja, kholo lingawonjezere mmene lifunira.